Mabatire a pa Toubkal

"Mabatire aja ali kuti?"

Palibe anamuyankha Tamer. Kamera inali itazima ndi kuzizira, pomwe nsonga ya phiri la Toubkal ku Morocco, yokutidwa ndi chipale chofewa, inkayamba kufiira ndi dzuwa lotuluka. Ndege yobwerera ku Cairo inali ya madzulo omwewo.

Mkazi wake, Ghada, ankawamva mabatirewo akufunda pamimba pake. Tamer yemweyo ndiye anamuuza kuti awasunge m'kati mwa zovala kuti angafe ndi chisanu. Ndi yemweyonso amene chaka chatha anatenga chithunzi chimene Ghada anajambula, n'kulembapo dzina lake, n'kupambana nacho pa mpikisano.

"Make Salma, fulumira. Kufiiraku sikuchedwa kutha."

"Zala zauma, akatswiri," anatero Ghada, akumasula batani loyamba la jekete ngati akusenda dzira lotentha.

Mabatani analipo asanu ndi atatu. Pofika lomaliza, phiri linali litayera mbee ngati khoma la chipatala.

Tamer anangokhala pansi pachipalepo, kukamwa kuli yasa. Ghada anatola kamera n'kuikoleka m'khosi mwake.

"Ndege ija mukakwere nokha. Ine nditsala kuno mpaka Lachisanu."