Mlendo wa m'galasi

"Yabweranso nkhalamba ija! Yandiloweranso m'nyumba!" anakuwa bambo, ndodo ili m'mwamba, akuloza galasi la pabalaza.

Chiyambire matenda oiwalaiwala, sankaizindikiranso nkhope yawo. Mwana wawo wachisamba anali atatopa nako kufotokoza. Tsiku limenelo anangokoka mpando, nakhala patsogolo pa galasilo, thaulo m'khosi.

"Bambo, tandimetani. Paja ometa odziwa ndinu," anatero akuwapatsa chipeso.

Ndodo inatsika. Zala zonjenjemera zinayenda m'tsitsi la imvi za apo ndi apo, mpaka zinaima kuseri kwa khutu.

"Iwe, chipsera cha njinga chija sichinathebe?"

Mwanayo anameza malovu. "Nanga mlendoyu timuthamangitse?"

Bambo anasuzumira m'galasi. "Musiye. Akuphunzira ntchito."