Nkhope ya Lekani

Chikhazikitsireni lamulo loti chithunzi chilichonse chizidzera m'makina a boma, omwe amafufuta nkhope za anthu omangidwa, kamera ya filimu idaletsedwa.

Nangondo ankatsukira zithunzi zake kubafa, atatchinga zenera ndi bulangeti. Tsiku lina masana, papepala padatulukira benchi la kupaki, mitengo ya jakaranda, kenaka nkhope ya mwana wake Lekani, yemwe adatengedwa ndi apolisi chaka chatha.

Chitseko chidagogodedwa mwamphamvu.

"Amake Lekani, ng'ambani msanga!" adanong'ona mwamuna wake. "Ndi apolisi!"

Nangondo adalowetsa pepala lonyowalo m'bulauzi, nakatsegula.

Wapolisi adanunkhiza fungo la mankhwala otsukira zithunzi. "Mayi, chikununkhachi n'chiyani?"

"Viniga wophikira, bwana," adayankha, madzi ozizira akutsikira pamimba pake.

"Imani pomwepo. Kwezani manja."