Yisiti Wafa

Lachisanu m'mawa Mayi Mphuno anavundukula thireyi yomaliza, ya makumi awiri, n'kuweramira. Ananunkhiza kawiri. Kunali zii.

Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pantchito, ndipo silinali lachipongwe ayi. Ntchito yawo inali yosandutsa ufa wa chinangwa kukhala spiriti woyatsira mbaula. Ufawo amauphika ndi nthunzi, ukazizira amathiramo chimera ndi yisiti, n'kuuyala m'mathireyi uli wonyowa pang'ono chabe, woti ukaufinya madzi osadontha. Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti sioneka ndi maso. Palibe thovu, palibe kubwata, palibe madzi oti n'kuviikamo choyezera. Chonena zoona ndi fungo basi. Yisiti akagwira, shedi yonse imanunkhira ngati nthochi zopsetsa, ndipo pa zaka khumi ndi ziwiri mayiwo anali asanaphonyepo.

Koma ili linali tsiku lachisanu ndi chimodzi chiyalireni ufawo, fungo osamveka.

Ulendo watha ufa unawola chifukwa denga linadontha. Bwana anachotsa antchito onse n'kusiya iwo okha, ndipo sanapite m'mbali: zikakanikanso, shedi atseka, azisungiramo simenti. Nanga mayi wa ana atatu, imvi zayamba kale, akamulemba ndani?

Ayi, anayesetsa ndithu. Lachitatu anawaza madzi ofunda. Lachinayi anafunditsa mathireyiwo mabulangete, lina lochotsa pabedi pawo penipeni. Anafika mpaka pomuchonderera yisitiyo ngati munthu: "Dzukani inu, ndakulakwirani chiyani?" Koma kalanga ine, chakana chakana.

Bwana anali paulendo, ndiye anangoimba foni.

"Zili bwanji, mayi? Mawa titcheza spiriti?"

"Bwana, yisiti wafa. Kutcheza zimenezi n'kungotaya nkhuni."

"Mwatsimikiza?"

"Mphuno yangayi sinandinamizepo."

Bwana anati, "Basi, tayani. Makiyi mubweretse Lolemba."

Mayiwo anatuta okha ufawo ndi wilibala, maulendo asanu ndi awiri, kukakhuthulira m'migolo ya kuseri kwa mpanda, mmene bambo wina woweta nkhumba amatengamo zotsala. Mtima unkawawa, poti panalibe ndi woti n'kumukalipira yemwe. Nkhungu ukhoza kuiona, denga ukhoza kulimata, nanga kanthu kosaoneka kakakana kudzuka ungakatani?

Masana anali kutsuka thireyi yomaliza, misozi ikugwera m'beseni, pamene chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali woweta nkhumba uja, ali wefuwefu.

"Mayi, nkhumba zanga mwazipatsa chiyani? Zikudzandira khola lonse, zina zagona chagada zikuliza mkonono! Zaledzera zonse, ndi tiana tomwe!" Kenako anagwira pamphuno. "Aa, komanso muno mukukhalamo bwanji? Fungo la mowa lokhalokha, ine mutu wayamba kale kuzungulira."

Mayi Mphuno anasiya thireyi ija m'madzi. Apa m'pamene anakumbukira chimfine chimene chinawagwira sabata yatha. Anasendera pafupi ndi bamboyo, amene ndowe za nkhumba zinali zitamumata mpaka m'mawondo, n'kukoka mpweya ndi mphamvu zawo zonse.

Sanamve fungo lililonse.