Khadi la Mwandida

Chilibe lilime koma chimaitanitsa phala, n'chiyani? Mwagwa nayo! Ndi khadi la chithunzi.

Kumudzi kuno tsopano kuli lamulo: mwana wa otizimu, vuto la muubongo lochititsa ana ena kuvutika kulankhula, akakupatsa khadi, uchite zili pamenepo pompo, poti azaumoyo anayesa njirayi n'kuona kuti imathandiza. Nasuluma ankangolakalaka kuti mwana wake Mwandida, yemwe salankhula, apereke khadi yekha osamugwira dzanja.

Tsiku lina kunabwera malume ake a mwanayo, a Gwedeza, n'kuyamba kubwetuka pakhonde. "Achemwali, zamakhadizi n'zachibwana. Mwanayu amakonda mawu angawa. Taonani, akubwera kwa ine!"

Mwandida anafikadi, yekhayekha, n'kuwapatsa khadi la chithunzi cha pakamwa potseka.

Nasuluma anaimba nthungululu, misozi ili chuchuchu. "Achimwene, lamulotu!"

A Gwedeza anayasama, n'kutsekanso, khonde lonse lili gwegwegwe ndi phwete.