Ayezi Anali Asanalimbe

Foni inalira Getrude atangotsika sitima ku Joondalup, tauni ya kunja kumene ankakhala ndi ana ake, akupita kukayamba ntchito ya masana kuchipatala. Dzuwa la Disembala linkaotcha, masiki yake itanyowa ndi thukuta. Woimbayo anali Paterson, mnzake wa mlongo wake Msaiwale ku Canada.

"Achemwali, pezani pokhala kaye."

"Ingonenani, a Paterson."

"Tinapita kunyanja kukawedza. Kuno madzi amaundana, ndiye timayenda pamwamba pake n'kuboola poponyera mbedza. Koma chisanu changoyamba kumene, pafupi ndi doko ayezi anali asanalimbe. Msaiwale anatsogola atanyamula ndowa. Ndinangomva ngati nthambi yathyoka, potembenuka osamuonanso."

"Ali chipatala chiti?"

Paterson anapumira m'mwamba. "Sanamupeze. Opulumutsa anthu amufunafuna mpaka kunja kwada, chomwe aona n'chipewa chake basi. Akuti akapanda kumupeza mawa, tidikira ayezi asungunuke, mwina mu Epulo."

Getrude anakhala pansi pamasitepe. Anthu ankamulambalala patali, wina osayerekeza kumugwira paphewa. Malire anali otseka chifukwa cha mliri. Akanati atuluke m'dzikomo, sakanabwerera msanga kwa ana ake. Nanga akanapita ku Canada, akanakalirira pati popanda mtembo?

Anavula masiki, n'kupukuta m'maso, n'kuimba kwawo ku Mchinji. Kumeneko kunali kutangocha, ndipo amayi ake anayankha akuseka.

"Getu mwanangu! Wandikumbuka m'mamawa chonchi?"

"Amayi," iye anatero, "muli ndi ndani pakhomopo?"