Kompyuta Inkati Zonse Zili Bwino

Panali munthu wina, mnyamata wa mutu wakuthwa, amene ankachita digiri yachiwiri ya zamakompyuta ndi zamakina. Kwawo ankangomutchula kuti Injiniya, ngakhale pepala anali asanaligwire. Kafukufuku wake anali wopanga pulogalamu yodziwiratu kuti makina a m'fakitale atsala pang'ono kuwonongeka.

Mlamu wake, mwamuna wa achemwali ake, ankayendetsa makina opinda malata pa fakitale ina, ndipo ndi amene anamupemphera malo ochitira kafukufukuyo kwa abwana. Injiniya anamata tizipangizo tomva kunjenjemera pa makinawo, n'kumasonkhanitsa manambala kwa miyezi isanu.

Tsiku lina mlamuyo anamukokera pambali. "Alamu, makinawa akatentha masana amalira mwina, ngati munthu wokukuta mano. Belingi imeneyo, kachitsulo kothandiza makina kuzungulira. Mulembe zimenezo."

"Musadandaule alamu, kompyuta imamva kuposa khutu," anatero Injiniya.

Kompyuta inamvadi. Manambala a masana otentha ankalumpha mopanda dongosolo, ndipo akawalowetsa, pulogalamu inkasokonezeka. Nthawi yopereka ntchito inali itayandikira. Injiniya anafufuta mizere yonse ya manambala ovutawo, n'kudziuza kuti ndi phokoso chabe. Zotsatira zinatuluka zosalala ngati za m'buku.

Mphunzitsi womuyang'anira, mayi wosachedwa kukayikira, anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Makina enieni sakhala aulemu chonchi. Manambala onse alimo?"

"Onse alimo, adokotala."

"Ngati pali chimene simukuchimvetsa, musachitaye. Bwerani nacho tichione limodzi."

Injiniya anangogwedeza mutu.

Abwana a fakitale ataona zotsatirazo anasangalala kwambiri. Analamula kuti chizolowezi choimitsa makina Lolemba lililonse kuti amakaniko awaunike chithe. Makina aziima pokhapokha kompyuta ikaonetsa kufiira.

Apa m'pamene mantha anamugwira Injiniya. Ankadziwa kuti pulogalamu yake sinaphunzire kulira kwa belingi yodwala, pakuti iye mwini anaibisira. Ankadziwanso amene amaima kutsogolo kwa makinawo tsiku lonse. Masana aliwonse ankaimbira mlamu wake.

"Makina ali bwanji, alamu?"

"Kompyuta yanu ikungoonetsa zobiriwira. Koma inu, kufunsa makina tsiku ndi tsiku, achemwali anu osawafunsa?" ankatero mlamuyo akuseka.

Kawiri konse anafika pakhomo la ofesi ya mphunzitsi wake kuti aulule, kawiri konse anabwerera. Anaganiza zoyamba wateteza kafukufuku wake pamaso pa akuluakulu Lachisanu, kenako akonze zonse mwakachetechete. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lachinayi masana kunatentha. Belingi inagwira, chitsulo chopinda chinalumpha, ndipo lata linang'ambika n'kudula zala zitatu za mlamu wake. Anthu pomunyamula, kompyuta inali ikuonetsabe zobiriwira.

Injiniya anathamangira kuchipatala. Anapeza achemwali ake atakhala m'mbali mwa bedi, maso ali psuu. Mlamuyo anakweza dzanja lomangidwa mabandeji, n'kuyesa kumwetulira.

"Ndinayamba kukumva kukukutako cha m'ma leveni," anatero motsitsa mawu. "Ndinafuna kuzimitsa. Koma ndinati, ine ndani wotsutsana ndi alamu anga ophunzira? Musadziimbe mlandu, makina ndi makina. Mawa mukakhoze, tisaluze zonse ziwiri, zala ndi digiri."

Lachisanu Injiniya anaima pamaso pa akuluakulu aja, ndipo asanamufunse kanthu, ananena yekha chiwerengero cha mizere imene anafufuta. Digiri sanaipeze, ndipo mlamu wake sanabwererenso pa makina.

Phunziro: Chimene ukubisa pa pepala sichichoka m'makina, chimakadikira munthu amene wakukhulupirira. Ngati manambala akukana, nena kuti akukana, ndipo wogwira ntchito ndi manja akakuchenjeza, mumvere. Tumizirani ena uthengawu, makamaka ana athu amene ali pa kafukufuku.