Maliro a Mahedifoni

Lamulo linkati pagulu pasamamveke nyimbo ya pakamwa. Pa maliro aliyense ankavala mahedifoni, nyimbo yovomerezeka n'kumafika kwa onse nthawi imodzi kuchokera m'makina omangidwa panjinga. Woyimba mokweza ankatsekeredwa mwezi wathunthu.

Bambo anga atamwalira, tinatchaja mahedifoni makumi anayi pa sola ya kunyumba, n'kuwapukuta ndi kansalu. Wokankha njinga anali a Chikuse, ang'ono awo a malemu.

Pa ulendo wa kumanda pankangomveka mapazi, mitu ikugwedera limodzi. Titafika pamlatho, amayi anavula mahedifoni n'kuyambitsa nyimbo imene bambo ankaphunzitsa kwaya kale.

"Alamu, wapolisi ali m'mbuyomu," ananong'ona a Chikuse.

"Amve," anayankha amayi. "Zaka makumi atatu ndakhala ndi munthuyu. Ndimuperekeze mwakachetechete ngati ndaba mbuzi?"

A Chikuse anayang'ana maliro a akulu awo kwa kanthawi, kenako anazimitsa makina. Anthu anamva mawu a amayi, ndipo mmodzimmodzi anayamba kuvomera.

Apolisi anatitsekeradi tonse makumi anayi. Mwezi wonsewo tinkayimba m'chitokosi, poti kwina kotitsekera kunalibe.